Ganyu yowomba m'manja

Mwezi watha ndinagula tochi pa intaneti nditakopeka ndi nyenyezi zisanu zomwe ogula ena anaipatsa. Inayaka masiku atatu basi. Mtima utakhala pansi, ndinakumbukira kuti amene anandipusitsawo sanayambe okha ntchitoyi. Makolo awo ankaigwira m'nyumba za zisudzo.

Wolemba mbiri Suetonius akutiuza kuti mfumu Nero ya ku Roma inali ndi anyamata oposa 5,000 ophunzitsidwa kuiwombera m'manja ikamaimba. Koma amene anasandutsa ntchitoyi kukhala bizinesi ndi anthu a ku Paris. Mu 1820 mumzindawo munatsegulidwa ofesi yobwereketsa owomba m'manja, gulu lomwe ankalitcha claque. Aliyense anali ndi gawo lake: ena oseka pa nthabwala, amayi ena olira atagwira kansalu kumaso, ena okuwa kuti nyimbo ibwerezedwe. Auguste Levasseur, mkulu wa gululi ku nyumba ya zisudzo ya Opéra m'zaka za m'ma 1830, ankaonerera sewero lisanaonetsedwe kwa anthu n'kugwirizana ndi bwana wa nyumbayo, Louis Véron, malo oyenera kuwombera. Ankalandira ndalama ndi matikiti. Woimba woumira ankaopa kukuwizidwa. Gustav Mahler atayamba kutsogolera nyumba ya zisudzo ya ku Vienna mu 1897 analonjezetsa oimba kuti aleke kulipira gululi, koma silinathe.

Lero manja aja asanduka nyenyezi. Mu 2004 makina a Amazon ku Canada atasokonekera anaulula mayina enieni a olemba ndemanga, ndipo zinadziwika kuti alembi ena ankatamanda mabuku awo omwe. Mu 2019 anthu anayamba kunyoza filimu ya Captain Marvel pa tsamba la ndemanga za mafilimu la Rotten Tomatoes isanatuluke n'komwe. Eni tsambalo analetsa ndemanga pa filimu yosatuluka, kenako anayamba kuwerengera padera maganizo a anthu otsimikizika kuti anagula tikiti. Tsamba lina la mafilimu la IMDb nalo silitenga mavoti onse mofanana, ndipo limabisa kawerengedwe kake kuti akathyali asakatulukire. Akatswiri amaphunzitsanso makompyuta kukayikira maakaunti atsopano amene amabwera chigulu n'kuvota mofanana tsiku limodzi, monga owomba m'manja a Levasseur omwe ankakhala pamodzi pansi pa nyali yaikulu.

Ine tsopano ndimayamba kuwerenga ndemanga za nyenyezi zitatu, chifukwa waganyu salipidwa kuti anene kuti chinthu chili pakatikati. Inunso musanatulutse ndalama, funsani kaye kuti wowomba m'manjayo tikiti anamugulira ndani.