"Chawonongeka": Mawu a Pakati pa Dokotala ndi Injiniya

M'zipatala zathu muli mawu amodzi amene amamveka kawirikawiri kuposa dzina la mankhwala alionse: "Chawonongeka." Namwino amawanena akuloza makina amene ali pakona ataphimbidwa ndi nsalu. Wina amawalemba pa kapepala n'kumata ndi pulasitala pamwamba pa chidacho, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibenso wochikhudza. Chimachoka mu wodi n'kukakhala pakhonde, kenako chimakathera m'chipinda chakuseri chimene anthu a ntchitoyi amachitcha manda a zida.

Ndawasinkhasinkha kwa nthawi yaitali mawu amenewa, ndipo ndikuona kuti ntchito ya uinjiniya wa zachipatala, imene pa Chingelezi amati biomedical engineering, imayambira pokana kuwavomera msanga. Mawuwa amabisa zinthu zambiri zosiyana. Mwina ndi fyuzi yapsa, kanthu ka mtengo wa botolo la Fanta. Mwina batire lafooka chifukwa linakhala miyezi osatchajidwa. Mwina chidacho n'chabwinobwino, koma machubu ake ogwiritsa ntchito kamodzi anatha ndipo m'dziko muno palibe amene amawagulitsa. Chingakhalenso kuti chinachokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120, wina n'kuchilumikiza ku soketi yathu ya mavoti 230. Nthawi zina vuto ndi lakuti namwino amene anaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake anasamutsidwa, ndipo otsalawo akuchiopa. Mu 2011, Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anasanthula mndandanda wa zida zoposa 112,000 za m'zipatala za maiko 16 osauka, ndipo anapeza kuti zida 38 mwa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zifukwa zazikulu zimene anatchula zinali kusowa kwa maphunziro, kusayendetsa bwino kasamalidwe ka zida, ndi mavuto a zinthu monga magetsi. Zonsezo ndi nkhani za anthu ndi utsogoleri.

Nanga anthu ake ndani? Kuchipatala onse timangowati "a magetsi" kapena "a maintenance," koma maudindo awo ndi osiyana. Tekinishani wa zida zachipatala ndiye wa sikuludiraiva m'manja: amatsegula chida, amayeza, amasintha sipeya. Amene amatchedwa clinical engineer amayang'anira zida zonse za chipatala ngati mbusa wa ziweto: adziwe kuti zilipo zingati, zili kuti, chiti chakalamba, chiti chigulidwe chaka chamawa. Biomedical engineer ndi dzina lalikulu lophimba onse, kuphatikizapo amene amapanga zida zatsopano ndi ochita kafukufuku. Ku Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi ntchitoyi ili pansi pa nthambi ya Physical Assets Management, imene aliyense amangoiti PAM, ndipo masiku ano achinyamata akutenga digiri ya uinjiniya umenewu ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo.

Aliyense wolowa ntchitoyi ayenera kumva nkhani ya Earl Bakken. Mu 1949 iye ndi mlamu wake Palmer Hermundslie anatsegula kamalo kokonzera zida zachipatala m'galaja ku Minneapolis, n'kukatcha Medtronic. Anali wokonza zowonongeka basi. Koma pokonzapo ankalowa m'chipatala cha University of Minnesota, kumene dokotala C. Walton Lillehei ankachita maopaleshoni a mtima kwa ana. Ena mwa anawo ankadalira makina othandiza mtima kugunda, otchedwa pacemaker, amene nthawi imeneyo anali aakulu ndipo ankalumikizidwa ku soketi ya pakhoma. Pa 31 Okutobala 1957 magetsi anathima mumzindamo. Lillehei anapempha Bakken kuti apeze njira yoti moyo wa mwana usamadalire soketi, ndipo patangotha milungu inayi Bakken anabweretsa kabokosi koyendera batire, koti wodwala n'kukavala pathupi. Ife a dziko limene kuthima kwa magetsi si nkhani yachilendo, tiyenera kuimva nkhaniyi kuposa wina aliyense. Dokotala ankadziwa vuto, injiniya ankadziwa mawaya, ndipo anamvana chifukwa injiniyayo sanali mlendo m'chipinda cha opaleshoni.

Kumvana kumeneku kuli ndi dzina lake. Ku Stanford, pulogalamu ya Biodesign imene anayambitsa dokotala wa mtima Paul Yock imaphunzitsa kuti usanajambule chida chilichonse uyambe walemba needs statement, chiganizo chimodzi chonena chosowacho: vuto ndi lotani, likugwera ndani, ndipo tikufuna chisinthe n'chiyani. M'chiganizo chimenecho simuloledwa kutchula chida. Munthu akanena kuti "tikufuna ma incubator khumi," watchula kale yankho asanamvetse funso. Akanena kuti "tikufuna njira yoti ana obadwa masiku osakwana asazizidwe usiku magetsi akathima," watsegula zitseko zambiri, ndipo chimodzi mwa izo ndi chifuwa cha mayi wake, njira ija ya kangaroo imene anamwino athu amaidziwa bwino. Lamulo limeneli ndimalikonda chifukwa limachepetsa injiniya wonyada ndi dokotala wonyada mofanana.

Chitsanzo chathuchathu chili ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku chipinda cha makanda cha Chatinkha. Mwana wobadwa masiku osakwana nthawi zambiri amasowa surfactant, timadzi timene timaletsa timatumba ta m'mapapo kumatana akatulutsa mpweya. Popanda timadzi timeneti, kupuma kulikonse kuli ngati kuuzira baluni yatsopano, ndipo mwana amatopa mpaka kuleka. Chithandizo chake ndi CPAP, kutanthauza mpweya wokankha pang'onopang'ono mosalekeza kudzera m'mphuno, kuti mapapo asafote. George Gregory ndi anzake ku San Francisco ndiwo anaonetsa mu 1971 kuti njirayi imapulumutsa makanda. Mtundu wake wosavuta umatchedwa bubble CPAP, ndipo nzeru yake ndi yokongola kwambiri: mapeto a chubu amamizidwa m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa chubucho m'madzimo ndiko kumapereka mphamvu ya mpweyawo. Chikamira masentimita asanu, mphamvu yake ndi masentimita asanu a madzi. Thovu likamatumphuka, namwino amadziwa ndi maso ndi makutu kuti zili bwino. Likasiya, ndiye kuti mpweya ukudontha penapake, mwina timachubu ta m'mphuno tasuntha.

Madokotala a ana a ku Queens, kuphatikizapo Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza, anagwirizana ndi mainjiniya a ku Rice University ku Houston, motsogoleredwa ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, n'kupanga CPAP yotsika mtengo. Yoyambirira inkagwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki owetera nsomba zokongoletsera m'nyumba. Anaipatsa dzina la Chichewa, Pumani. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti mwa makanda amene anaikidwa pa makinawa, 71 mwa 100 alionse anakhala ndi moyo, pamene mwa amene analandira okisijeni wa m'mphuno yekha anali 44. Koma phunziro lalikulu linabwera pambuyo pake, makinawa atafika m'zipatala za m'maboma: mwana amene wazizidwa thupi angathe kumwalirabe ngakhale ali pa CPAP. Chida chimodzi sichikwanira. Pafunika kutentha, okisijeni, magetsi, namwino wophunzitsidwa ndi tekinishani wapafupi, zonse pamodzi. Maganizo amenewa ndiwo anabala NEST360 mu 2019, mgwirizano umene unayamba kugwira ntchito ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, ndipo pakati pa atsogoleri ake panali Amalawi awiri a mbali ziwirizi: dokotala wa ana Queen Dube ndi injiniya Theresa Mkandawire.

Pali mawu ena awiri amene ndikanakonda kuti mkulu wa chipatala aliyense awadziwe ngati dzina lake. Oyamba ndi preventive maintenance, kusamalira chida chisanadwale. Tengani concentrator, makina aja okoka mpweya wa m'chipinda n'kupatula okisijeni. Mpweya umene timapuma uli ndi okisijeni 21 pa 100 alionse, wotsalawo wambiri ndi nayitrojeni. M'kati mwa makinawo muli timiyala totchedwa zeolite timene timagwira nayitrojeni, kuti chotuluka chikhale okisijeni woposa 90 pa 100. Fumbi ndi chinyezi ndiwo adani a timiyalati. Sefa yakunja imangofuna kutsukidwa ndi kuumitsidwa sabata ndi sabata, ntchito ya mphindi zochepa. Ikaiwalika, makina amalirabe, kampira ka pa geji kamakwerabe, mwana ali ndi chubu m'mphuno, mayi wake mtima wakhala pansi, koma chotulukacho chayandikira mpweya wamba. Chida choterechi n'choopsa kuposa chakufa, chifukwa palibe amene amachimata kapepala. Amachigwira bodza ndi tekinishani yekha, ngati ali ndi kachida koyezera okisijeni, oxygen analyser, m'chikwama.

Apa ndi pamene pamalowera mawu achiwiri, calibration, kuyerekeza chida ndi muyeso wodziwika kuti tione ngati chikunena zoona. Sikelo ya pamsika ikanama, munthu amataya ndalama. Sikelo ya makanda ikanama, mlingo wa mankhwala umalakwika. Ndipo bodza lina limabadwira ku fakitale. Kachida kopana chala kaja, pulse oximeter, kamene maziko ake anawatulukira injiniya wa ku Japan Takuo Aoyagi m'ma 1970, kamayeza okisijeni wa m'magazi powalitsa kuwala kudutsa khungu. Mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan anaonetsa kuti kachidaka kamaphonya kuchepa koopsa kwa okisijeni pafupifupi katatu mwa odwala akuda poyerekeza ndi azungu. Nkhani imeneyi imandiwawa mtima, chifukwa pafupifupi odwala athu onse ndi a khungu limenelo. Tikufunika mainjiniya ndi madokotala athu amene angakhale m'mabungwe oika miyezo ndi ovomereza zida, n'kufunsa kuti chidachi chinayesedwa pa anthu otani.

Utsogoleri wa ntchitoyi umaonekera kwambiri pa tebulo logulira zida. Pamenepo pali mawu akuti total cost of ownership, mtengo wonse wa chida kuyambira tsiku logula mpaka tsiku lochitaya. Mtengo wa pa invoisi uli ngati malowolo chabe: banja lenileni ndi la masipeya, machubu, magetsi, maphunziro a anamwino ndi kontilakiti ya okonza, chaka ndi chaka. Mphatso nazo zimafunika kufunsidwa mafunso omwewo. Kukana chopatsidwa n'kovuta pa chikhalidwe chathu, koma mtsogoleri wabwino amathokoza n'kufunsa mwaulemu: buku lake lilipo? Masipeya tizikawapeza kuti? Adzaphunzitsa ndani? Mafunsowa akapanda mayankho, chidacho chimakhala chalembetsa kale malo kumanda a zida chisanatsike m'kontena.

Munthu woti afunse mafunso amenewa ayenera kumva zinenero ziwiri. Dokotala akati "saturation yatsika," injiniya aziona mwana amene milomo yake yayamba kuda, osati nambala chabe. Injiniya akati "purity ya okisijeni yagwa," dokotala azimva kuti mankhwala amene walembera wodwala sakufika. Ena amafika pamenepa poyambira ku udokotala, ena ku uinjiniya. Harvard ndi MIT anayamba kuphunzitsa mbali ziwirizi pamodzi mu 1970, ndipo Carle Illinois College of Medicine inalandira ophunzira ake oyamba mu 2018 ngati sukulu ya udokotala yomangidwa pa uinjiniya. Koma kwathu kuno sukulu yaikulu ya zinenero ziwirizi ndi wodi yeniyeniyo, nthawi ya raundi ya m'mawa, pamene wophunzira uinjiniya angaime kumbuyo kwa sisitala n'kumaona mmene chida chimagwiridwira ndi manja otopa.

Choncho inu akuluakulu a zipatala, mukamakhala pansi kukonza bajeti kapena kutsegula ma tender ogulira zida, muitaneni wa PAM uja, mum'patse mpando ndi mpata wolankhula asanasainidwe mapepala. Ndipo inu achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi ku Blantyre ndi ku Thyolo, mukapita kukayeserera ntchito m'chipatala cha boma, pemphani kiyi wa chipinda chakuseri chija, mukamatule timapepalato kamodzikamodzi n'kuyeza chida chilichonse.