Mfuti Yosakankha Phewa ndi Njovu za m'Chigwa cha Shire

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Lunzu mpaka pa Lirangwe amaona minda ya chimanga, mauvuni a njerwa ndi njinga zosenza makala. Za njovu saganizako n'komwe. Komatu njira imeneyi, yopitirira kukafika pa Matope, inali njira ya minyanga. Popeza pakati pa Chikwawa ndi Matope mtsinje wa Shire uli ndi mathithi, sitima za kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala, zinkaima kwa Katunga. Kuchokera pamenepo katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga. Popita ku Matope ankasenza nsalu ndi mikanda, pobwerera ankasenza minyanga. Nkhani yathu ndi ya mfuti zimene zinkagwetsa eni minyangayo, makamaka za kusintha kumene kunachitika cha m'ma 1890 pamene alenje achizungu anataya mfuti zazikulu natola zazing'ono.

Poyamba aliyense ankakhulupirira kuti nyama yaikulu imafuna chipolopolo chachikulu. Mfuti yotchuka ya njovu inali yotchedwa 4-bore, kutanthauza kuti paundi imodzi ya mtovu inkatulutsa zipolopolo zinayi zokha, chilichonse cholemera magalamu 113. Frederick Selous ankasaka ndi mfuti yotere kwa Amandebele m'zaka za m'ma 1870. Tsiku lina anaiwomba itathiridwa wonga kawiri mwangozi, ndipo inamugwetsa pansi n'kumung'amba tsaya. Atakula anavomera yekha kuti kukankha kwa mfutizo kunamuonongera kawombedwe kake moyo wake wonse. Alfred Sharpe, amene mabuku a kusukulu amangomutchula ngati Bwanamkubwa, anafika kuno mu 1887 ngati mlenje wa njovu, ndipo nayenso ankawomba ndi 8-bore ndi 4-bore.

Choipa cha mfuti yokankha si ululu wa paphewa wokha ayi. Aliyense amene anagonekedwapo pa desiki kudikira chikoti cha ahedi akudziwa kuti thupi limadzidzimuka chikoti chisanafike. N'chimodzimodzi ndi mlenje. Akamenyedwa ndi mfuti yake kangapo, amayamba kutsinzina ndi kugwedeza mkono asanakhethemule, motero chipolopolo chimapita pena. Onjezeranipo utsi wa wonga wakuda, umene unkaphimba nyama kotero kuti munthu sankadziwa ngati yagwa kapena ikumubwerera, ndiponso kulemera kwa mfutiyo, kumene kunkafuna munthu wapadera woinyamula.

Mu 1884 Mfalansa wina, Paul Vieille, anapanga wonga wopanda utsi, wamphamvu kuposa wakale. Maboma a ku Ulaya anathamangira kusula mfuti zankhondo za kukamwa kung'ono: Angerezi .303, Paul Mauser wa ku Germany 7x57 mu 1892, ndiponso Mannlicher ya mamilimita 6.5 imene Angerezi ankaitcha .256. Palibe mwa izi imene inapangidwira njovu. Zonse zinapangidwira kupha anthu. Koma alenje sanachedwe kuona ubwino wake. Chipolopolo cha 7x57 chinkalemera magalamu 11 okha, ndiye kuti zipolopolo khumi zoterezi ndizo zikanafanana ndi chimodzi cha Selous. Chinali chachitali ngati kachidutswa ka pensulo, chokutidwa ndi chitsulo cholimba kuti chisaphwanyike, ndipo chinkathamanga mamita pafupifupi 700 pa sekondi. Chotero m'malo momenya ngati nyundo chinkaboola ngati singano, ndipo phewa la woomba silinkamva kanthu kwenikweni.

Singano imapha ikalowa poyenera basi. Mutu wa njovu ndi waukulu, koma mbali yaikulu ya chigaza chake ndi fupa la timabowo ngati zisa za njuchi, ndipo ubongo wabisala mkati chakumbuyo. Walter Bell wa ku Scotland, amene ankasaka ku Karamoja m'dziko la Uganda ndi madera ena a kumpoto, ankacheka zigaza za njovu ndi sowo kuti aphunzire pamene pali ubongo nyama ikaima mwakuti kapena mwakuti. Anapha njovu 1,011, ndipo pafupifupi 800 mwa izo anazipha ndi 7x57, imene kampani ya Rigby inkagulitsa pa dzina loti .275. Bell sanasake kuno, koma nzeru yomweyo inali itafika kale. Sharpe anagula mfuti yake yoyamba yolowa zipolopolo zingapo mu 1893 ndipo sanaikondenso 4-bore. Mfalansa Edouard Foà, amene anasaka m'chigwa cha Shire ndi Zambezi m'zaka za m'ma 1890, anali ndi .303 pakati pa mfuti zake. Chauncey Stigand, msilikali wa King's African Rifles, ndi Denis Lyell analemba pamodzi buku la nyama za dziko lino ndi mapazi ake mu 1906, ndipo onse awiri anali okonda mfuti zazing'ono.

Otsutsa analipo, ndipo anali ndi mfundo. Njati kapena mkango wovulala ukamabwera pa liwiro, mpata woyeza ubongo palibe, pamafunika chinthu choigwetsa pomwepo. Stigand mwini wake anabayidwa pachifuwa ndi chipembere, ndipo nthawi ina analumidwa ndi mkango umene anauvulaza. George Grey, mng'ono wake wa nduna ya za kunja ya ku Britain, anaphedwa ndi mkango ku Kenya mu 1911 atauwomba ndi .280 Ross, zipolopolo zake zopepuka zinalephera kuuimitsa. Mkangano umenewu unadzaza mabuku ambirimbiri, ndipo mpaka lero maiko angapo olola kusaka njovu ndi njati amaletsa mfuti zazing'ono, ena akuti yochepetsetsa ikhale .375.

Tsono chimene chimandidabwitsa powerenga mabukuwa n'chakuti mkangano wonsewo ndi wa phewa la Mzungu. Phewa la munthu wa kwa Kuntaja kapena kwa Chigaru mulibemo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Afirika, kuphatikizapo dziko lino, ponena kuti akuthetsa malonda a akapolo. Mlenje wakuda anatsala ndi gogodela, yothirira wonga kukamwa ndi kutsinira, imene nthawi zambiri chipolopolo chake chinali chidutswa cha chitsulo chosula kumudzi. Gogodela imakankha koposa, nthawi zina imaphulikira mwini wake, ndipo ukaiwomba kamodzi uyenera kuyambanso kuthira wonga njovu ili pomwepo. Achikunda, Amang'anja ndi Ayao ankailimbira mtima poyandikira nyama mpaka mapazi owerengeka ndi kuwomba angapo nthawi imodzi. Pa luso lotsata mapazi ndi kuwerenga mphepo sankachepa kwa Bell, ndipo ndi anthu omwewa amene ankatsogolera Azungu kuthengo, ngakhale mabuku amawatchula mwa apo ndi apo. Boma litayamba kukhwimitsa malamulo a nyama, linkadzudzula mlenje wakuda kuti amangovulaza nyama n'kuzisiya zikuvutika. Linali boma lomwelo limene linamumana mfuti yopha bwino.

Tisadzinamize kuti makolo athu analibe gawo pa kutha kwa njovu. Malonda a minyanga anayamba kalekale Mandala asanabwere, ndipo mafumu ankalemera nawo chifukwa mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Chipatula, mfumu ya Amakololo, anaphedwa ndi George Fenwick mu 1884 pa mkangano wa malonda a minyanga. David Livingstone anawerenga njovu pafupifupi 800 m'dambo la kumunsi kwa Shire mu 1859, nalitcha Elephant Marsh. Pofika 1897 boma linachita kulengeza dambolo kukhala malo otetezedwa kuti nyama zotsalazo zipulumuke. Ntchito yaikulu yoononga inali itagwiridwa kale ndi gogodela pamodzi ndi mfuti zazikulu zija. Chimene mfuti yaing'ono inachita, m'kuona kwanga, ndi kuchotsa malire. Kale phewa likatupa mlenje ankapuma, utsi ukaphimba gulu linkathawa, mtovu ndi wonga zikatha ulendo unkathera pomwepo. Tsopano munthu mmodzi ankatha kunyamula zipolopolo zambirimbiri zotsika mtengo, kuyenda tsiku lonse osatopa ndi mfuti, ndi kugwetsa njovu imodzi pambuyo pa inzake zinzake zili chiimire, chifukwa njovu yolasidwa mu ubongo imangogwada osalira. Bell anaphapo 19 tsiku limodzi.

Mfuti yosakankha inadzafika m'manja mwa anthu akuda patapita zaka pafupifupi 90, ndipo inabwera ndi nkhondo. Ukatsika pa Chileka kulowera kumadzulo pa msewu wakale wa ku Mwanza umafika pa Mpatamanga, ndipo kumunsi kwake kutsidya la Shire kuli nkhalango ya Majete, imene inakhala malo osungira nyama mu 1955. M'zaka za m'ma 1980 munali njovu zoposa 200. Nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992 inamwaza mfuti za AK-47 m'malire monse. Chipolopolo cha mfuti imeneyi chimalemera magalamu 8, chopepuka kuposa cha Bell, ndipo ngakhale mnyamata wosakhwima amaiwomba osatsinzina. Owombawo sanacheke zigaza kuti aphunzire za ubongo. Ankangomwaza zipolopolo m'gulu. Pofika 1992 mu Majete munalibe njovu ndi imodzi yomwe.

Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa Majete mu 2003, ndipo mu 2006 njovu 70 zinabwera pa malole kuchokera ku Liwonde. Zinaswana kotero kuti mu 2017 zina zinatengedwa kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota, chaka chomwecho chimene lamulo la nyama zakuthengo linakhwimitsidwa kuti wopha njovu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Pozisamutsa, dokotala wa nyama amaziwomba ali mu helikopita ndi mfuti yoponya jekeseni wa mankhwala ogonetsa, ndipo amalunjika pathako.