Mabawuti awiri amene amakhalitsa pikapu pagalaja

Kilatchi ya pikapu yakale ikatha, makaniko amayenera kuyamba watsitsa giyabokosi. Ku Ndirande, kumene magalaja ambiri ali pamtetete m'mphepete mwa msewu, ntchitoyi imatha kudya tsiku lonse chifukwa cha mabawuti awiri okha.

Injini ndi giyabokosi zimakumana pa chigoba chooneka ngati belu chomwe amakaniko amachitcha bellhousing. M'kati mwake ndimo mumakhala kilatchi. Mabawuti ozungulira chigobachi ambiri amaoneka munthu akagona pansi pa galimoto, koma awiri apamwamba amabisala pakati pa kumbuyo kwa injini ndi chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Dzanja limawakhudza, koma sipanala imasowa potembenukira.

Vutoli n'lodziwika pa Toyota Hilux zomwe zidayamba kutuluka m'chaka cha 1988, monga LN106 ya injini ya dizilo ya 3L, komanso pa Nissan Hardbody ndi Isuzu KB zakale. Pa Hilux zoterezi mitu ya mabawuti akuluakulu nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 17.

Njira yabwino si kukankhiza dzanja kuchokera pamwamba, koma kutsegula mpata kuchokera kumbuyo. Makaniko amayamba wachotsa waya wa batire, kenako ndodo ya magiya, propela, sitata, kasilinda ka kilatchi ndi mawaya onse. Akatero amachirikiza giyabokosi ndi jeke, n'kumasula chitsulo chopingasa chimene imakhalira, n'kutsitsa mchira wake pang'onopang'ono. Injini imapendekera kumbuyo ndipo mabawuti aja amayamba kuonekera pamwamba pa msana wa giyabokosi.

Apa amalumikiza ndodo zotalikitsira soketi mpaka kufika pafupifupi mita imodzi, ndi kamfundo kopindika kutsogolo kwake, n'kumamasulira ali kumchira. Wothandizira amagwiriza soketi kuti isapulumuke. Pomwe jeke ikutsika, wina ayenera kuyang'anira kutsogolo, popeza fani ikhoza kugunda chotchinga cha rediyeta, mapaipi a madzi n'kukokeka. Chikwapu chopitirira muyeso chimang'ambanso mphira zomwe injini imakhalira.

Soketi ikhale ya ngodya zisanu ndi imodzi, osati 12. Ya ngodya 12 imagwira m'mphepete mokha, ndipo pa bawuti ya dzimbiri imaperesa mutu mpaka kukhala wobulungira. Zikafika pamenepo m'malo opanikiza chonchi, chotsala ndi kuwotcherera nati pamutu wake kapena kutulutsa injini pamodzi ndi giyabokosi, ndipo mwini galimoto amalipira masiku amene ikadakhala ikunyamula matumba a chimanga kapena njerwa. Kuthira mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo, ntchito n'kuyamba m'mawa, kumathandiza kwambiri kuposa kuika paipi yaitali pa sipanala.

Mabawuti apamwamba ndiwo oyamba kumasulidwa, awiri am'mbali osavuta kufikira n'kukhala otsiriza, kuti kulemera kwa giyabokosi kusatsamire pa bawuti yobisika. Mabawutiwa satalika mofanana, choncho amakaniko osamala amawabaya pa katoni motsata malo ake.

Chimene chimaphonyedwa kawirikawiri ndi chakuti propela ikachoka, giya sigwiranso galimoto. Ndirande ili m'tsinde mwa phiri ndipo malo ambiri ndi otsetsereka, kotero matayala ayenera kutsekerezedwa kutsogolo ndi kumbuyo. Kulowa pansi pa pikapu yodalira jeke yokha kapena njerwa zosanjikiza ndi kuseweretsa moyo, pakuti njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Fumbi la m'chigoba nalo lisauziridwe ndi mpweya chifukwa makilatchi ena akale adali ndi asbestos, yemwe amawononga mapapo. Nsanza yonyowa ndi yokwanira.

Pobwezeretsa, giyabokosi iyenera kulowa yokha mpaka kukhudzana ndi injini pa tizitsulo tiwiri toilondolera. Ikatsalira, ndiye kuti mbale ya kilatchi siili pakati kapena mano a shafuti sadakumane nayo. Kuikoka ndi mabawuti kumang'alula chigoba, chomwe pa pikapu zambiri ndi cha aluminiyamu, ndipo china chimapezeka pokhapokha wina ataphwasula galimoto ya mtundu womwewo. Mabawuti onse ayambe kulowetsedwa ndi zala, apamwamba aja akhwimitsidwe mchira wa giyabokosi usadakwezedwe.