Miyambo ya Asilamu a ku Blantyre pa Sikelo ya 'Urf

Tikuyamba ndi kutamanda Allah amene adatilenga m'mitundu ndi m'zilankhulo zosiyana. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Chaka chathachi tidapita ku maliro a bambo wina wachikulire ku Bangwe. Jeneza lisananyamulidwe padabuka mkangano. Abale ochokera ku Machinga ankafuna kuperekeza thupi ndi sikiri, monga momwe malemuwo ankaperekezera anzawo. Ana awo, omwe adaphunzira m'madrasa a m'tauni, adati zimenezo ndi bid'ah ndipo sizichitika. Mmwenye wina wa ku Limbe, yemwe malemuwo adamugwirira ntchito zaka zambiri, adaima pambali n'kumafunsa kuti Qur'an ya tsiku la makumi anayi idzawerengedwera kuti. Thupi lidakaikidwa dzuwa litapendeka, ndipo mpaka lero ana ndi amalume awo sayankhulana. Onsewo ndi Asilamu, koma aliyense ankaona ngati mwambo umene adakulira ndiwo Chisilamu chenicheni. Kuti timvetse mkangano wotere tiyenera kudziwa njira zimene Asilamu a mumzinda uno adadzera.

Njira yoyamba ndi ya kunyanja. Chisilamu chidalowa m'dziko muno ndi amalonda ochokera ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo sitibisa kuti malondawo adali a minyanga ndi akapolo. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Kuyambira m'ma 1870 mafumu a Chiyao monga Makanjila, Mponda ndi Jalasi adalowa Chisilamu pamodzi ndi anthu awo. Masheikh monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje adayenda m'midzi akuphunzitsa Qur'an ndi fiqh ya Imam Shafi'i, yomwe ndi imene Aswahili a kugombe amatsata.

Pamene amishoni a ku Scotland adayambitsa Blantyre mu 1876 pa malo a mfumu Kapeni, kuno sikudali kuchimake kwa Chisilamu. Asilamu ambiri adabwera pambuyo pake kudzafuna ntchito, makamaka njanji itafika mu 1908. Ena adalowa ku fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco ku Limbe, ena m'nyumba za Azungu, ena adakhala matelala pakhonde la sitolo. Adamanga ku Ndirande, ku Bangwe ndi madera ena ozungulira, pakati pa Amang'anja, Alhomwe ndi Angoni, ndipo adabwera ndi jando, nsondo, manganje, beni ndi sikiri.

Njira yachiwiri ndi ya Amwenye ochokera ku Gujarat ndi Kutch, omwe adakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire n'kutsegula masitolo. Asilamu mwa iwo ambiri amatsata Imam Abu Hanifa. N'chifukwa chake mu mzikiti wina ku Limbe simumva qunut pa swala ya Fajr ndipo Asr imachedwerapo, pomwe ku Ndirande imamu amawerenga qunut m'mawa uliwonse. Boma la atsamunda lidagawa tauni m'magawo a Azungu, Amwenye ndi anthu akuda, ndipo mpanda umenewu udafika ndi pamisikiti pomwe. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuchoka m'midzi ndi kukachita malonda m'matauni akuluakulu okha, ndipo izi zidawaunjika kwambiri ku Limbe ndi Blantyre. Samusa ndi chapati zimene timafutulira pa Ramadhan zidadzera njira imeneyi.

Njira yachitatu ndi ya maphunziro. Kuyambira m'ma 1980 achinyamata ochokera ku sukulu monga Blantyre Islamic Mission adapita ku Madina, ku Cairo ndi ku Khartoum n'kubwerako ndi Chiarabu ndi mabuku. Radio Islam itayamba kuulutsa mawu mu 2001, mafunso omwe kale ankathera pakhonde la sheikh adayamba kumveka m'nyumba iliyonse. Lero tawonjezerapo abale obwerera ku Joni ndi alendo ochokera ku Somalia, Burundi, Tanzania ndi Pakistan, aliyense ndi chizolowezi chake. Komabe wophunzira asaganize kuti mkangano wa sikiri adauyambitsa ndi iye. Kuyambira m'ma 1930, twariqa ya Qadiriyya itafala, padali kale mbali ziwiri: a twaliki omwe ankaperekeza maliro ndi sikiri ndi mbendera, ndi a sukuti omwe ankati maliro aziyenda mwachete.

Nanga fiqh ikutinji pa miyambo yosiyanayi? Maulama adaipatsa dzina loti 'urf, kutanthauza chizolowezi chimene anthu a dera adachikhazikitsa. Imam al-Suyuti wa Chishafi'i, yemwe adamwalira mu 1505, ndi Ibn Nujaym wa Chihanafi, yemwe adamwalira mu 1563, aliyense adalemba buku lotchedwa Al-Ashbah wa al-Nazair, ndipo onse awiri adaika chizolowezi pakati pa nsanamira zikuluzikulu zoweruzira. Imam al-Qarafi wa Chimaliki adachenjeza mufti kuti munthu wa dziko lina akabwera ndi funso, ayambe wamufunsa za chizolowezi cha kwawo asanamuyankhe. Choncho mazihabu a Myao ndi a Mmwenye sakusiyana pa mfundoyi. Koma maulamawo adaikanso malire. Mwambo umalandiridwa ngati sukutsutsana ndi lemba lomveka la Qur'an kapena Sunnah. Ukatsutsana nalo umakanidwa, ngakhale ukhale wa makolo athu.

Tiyeni tiyese sikeloyi pa zinthu zitatu. Choyamba ndi chakudya cha pa maliro. Jaafar bin Abi Talib ataphedwa pa nkhondo ya Mu'tah, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalamula kuti anthu aphikire banja lake chifukwa lidali lotanganidwa ndi chisoni. Mwambo wathu wa m'midzi, woti oyandikana nawo abweretse ufa, nkhuni ndi ndiwo pa siwa, ukugwirizana ndi Sunnah imeneyi, ndipo Akhristu omwe timakhala nawo ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa amauchita pamodzi nafe. Koma sadaka ya arubaini imene imakakamiza mayi wamasiye kutenga katapila, kapena kudya chuma cha ana amasiye kuti adyetse khamu, yatembenuza lamulo. Chiweruzochi n'chimodzi, kaya mumphika muli nsima kaya muli biriyani.

Chachiwiri ndi jando. Mdulidwe ndi wa Chisilamu, ndipo kwa Imam Shafi'i ndi wokakamizidwa. Olemba mbiri amanena kuti jando lidalowa m'malo mwa chinamwali chakale cha lupanda, ndipo lidakhala khomo limene anyamata ambiri adalowera Chisilamu. Kuphunzitsa mwana ulemu ndi kusangalala akamatuluka ku ndagala palibe choletsa. Zoletsedwa ndi mpeni umodzi pa ana ambiri, nyimbo zolaula, kujombetsa ana kusukulu, ndi kuwauza kuti akasase fumbi, chomwe ndi chiwerewere chodziwika. Makolo omwe amadulitsa mwana kuchipatala kenako n'kumupereka kwa anamkungwi oopa Allah asunga mwambo ndipo asunganso Shariya.

Chachitatu ndi chuma cha masiye, ndipo apa mwambo ulibe polowera. Ayao, Amang'anja ndi Alhomwe amatsata kuchikazi, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkapita kwa ana a mlongo wake. Surah An-Nisa idagawa kale magawo a mkazi, ana ndi makolo. Malume amene amasamala mbumba yake akuchita zabwino, koma akalanda nyumba ya ku Machinjiri n'kusiya mayi ndi ana pamtetete wadya za haramu. Banja la amalonda limene limabisira ana aakazi gawo lawo kuti sitolo isagawike lalakwa chimodzimodzi. Lamulo la dziko la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye ndipo limalola munthu kulemba wilu, choncho Msilamu alembe akadali moyo.

Tibwerere ku Bangwe. Pa nkhani ya sikiri ana aja adali ndi umboni, pakuti Imam al-Nawawi, yemwe ndi mzati wa mazihabu a Shafi'i omwewo, adasankha kuti operekeza jeneza aziyenda mwachete akulingalira za imfa. Koma maulama ambiri amaika kukweza mawu kumeneko pa zinthu zonyansidwa, makruh, pomwe kudula chibale ndi tchimo lalikulu ndipo kufulumizitsa maliro ndi lamulo la Mtumiki. Nkhani yofunika kukambirana modekha tsiku lina idaphwasula banja pa tsiku lomwe mayi wamasiye ankafuna womutonthoza. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Akadakhala pansi usiku wa pa siwa, akadamvana.

Kwa inu ophunzira ndi aphunzitsi, pempho lathu ndi ili. Musanatchule chinthu kuti bid'ah, funsani kuti chidachokera kuti, anthu akuchichita ngati ibada kapena ngati chizolowezi, ndipo maimamu adachiika pa mlingo uti. Musayese mkanjo ndi chakudya cha mlendo kuti ndiye Sunnah, n'kumayesa chilichonse cha kwanu kuti n'chikunja. Pitani kwa agogo a ku Ndirande ndi ku Kanjedza omwe adaona misikiti yoyamba ya madera amenewa ikumangidwa, mulembe zimene akukumbuka akadali moyo. Mufti wa mawa adzafuna kudziwa mbiri ya anthu amene akuwaweruza.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.