Mbiri ya Munda wa Mitengo wa pa Mtsinje wa Mulunguzi

Pa masiku a cikondwerero timakonda kuchula maina a iwo amene anaumba njerwa namanga nyumba, koma iwo amene anaoka mitengo timawaiwala, cinkana tikhala pa mthunzi wao tsiku ndi tsiku. Cifukwa cace ndafuna kulemba pang'ono za munda wa mitengo wa ku Zomba, pakuti muzu wa mbiri yace uli kwa olima a ku mishoni.

Amishoni ocokera ku Scotland, pofika ku Blantyre m'caka ca 1876, anali naye mnyamata wodziwa za munda, dzina lace John Buchanan. M'caka ca 1878 anafikanso wolima wina, Jonathan Duncan, atanyamula timitengo titatu ta khofi tocokera m'munda waukuru wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanaphuka, ndipo mbeu zace zinafalikira m'minda yambiri ya dziko lino. Buchanan anacoka pa nchito ya mishoni m'caka ca 1881, nakhazikika ku Zomba, patsinde pa phiri, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, nalima khofi ndi nzimbe. Iye yemweyo anamangira nduna ya Angerezi nyumba yaikuru, imene pambuyo pace inachedwa Masongola.

Tsono m'caka ca 1891, Harry Johnston atadzakhazika boma ku Zomba, anadza naye Alexander Whyte, munthu wodziwa zomera ndi zinyama, amene adakhala kale ku Ceylon. Ameneyu ndiye anayamba munda uja pafupi ndi nyumbayo. Tisabise mau pano. Mundawo sanaukonzera anthu a m'midzi kuti adzipumulamo. Unali poyesera mbeu zacilendo, kuti Azungu aone zimene zingabale ndi kupindula m'dziko muno. Zambiri za izo zinatha. Ngakhale khofi yemwe, amene anamtama kwambiri, anagwa ndi matenda ndi kutsika kwa mtengo wace citapita caka ca 1900, ndipo tiyi ndi fodya zinalowa m'malo mwace. Koma munda unakhala.

Unakhala bwanji? Ine ndiyesa cifukwa cace ndi mtsinje. Mulunguzi atsika kucokera pamwamba pa phiri, napita pakati pa munda, ndipo ngakhale m'mwezi wa October, pamene fumbi liri ponseponse, madzi ace amveka pa miyala. Mitengo imwa kwa mtsinje, ndi mtsinje ubisala pansi pa mitengo. Mizu igwira nthaka ya m'gombe kuti madzi a dzinja asaikokolole. Masamba akugwa aola, nasanduka cakudya ca mitengo yomweyo. Mthunzi uletsa dzuwa kuumitsa pansi. Munda wotere sufuna munthu wothirira ndi cidebe m'mawa ndi madzulo.

Izi makolo athu anazidziwa asanafike Whyte. Msitu wa kumanda sunali kudulidwa, ndipo mkuyu, katope ndi mbawa zinasiyidwa m'mbali mwa madzi. Mitengo yodza ndi alendo iri ndi ubwino wace, sindikana: bulugama wa ku Australia atipatsa mirimo ya nyumba ndi nkhuni msanga, paini wa ku Mexico amene anadzaza phiri la Zomba atipatsa matabwa. Koma bulugama akamwa madzi sasiyirako mnzace, ndipo pansi pa paini simupeza zomera zambiri kapena mbalame zambiri. Palinso minga ija ya zipatso zacikasu, yocokera ku Asia, imene zipatso zace ana azigulitsa m'njira yokwera phiri. Zipatsozo nzokoma ndithu, ndadyako ine ndemwe, koma minga yace yalanda malo a zomera za eni dziko, ndipo kuizula ndi nchito yowawa.

Za Whyte ndichulepo cinthu cimodzi. M'caka comweco ca 1891 anakwera phiri la Mulanje, natengako nthambi za mkungudza, ndipo m'caka ca 1894 akatswiri a ku London anaucha mtengowo dzina la iye, cinkana anthu a ku Mulanje anaudziwa kuyambira kale lomwe. Mtengo umenewo unadulidwa kopanda cifundo, kotero kuti owerenga mitengo m'caka ca 2017 anapeza ikuruikuru 7 yokha pa phiri lonse.

Likuru la dziko linasamukira ku Lilongwe m'caka ca 1975, ndipo m'caka ca 1987 boma linaika lamulo lokhazika bungwe losunga minda yotere. Munda umene unali wa nduna unasanduka wa anthu onse.

Ndinapitako tsiku lina ndi ana a sukulu yanga, ndipo ndinacita manyazi poona kuti anadziwa dzina la bulugama, koma mbawa anaiyang'ana ngati mlendo. Tsopano kwathu kuno akuru apatula malo pafupi ndi msika kuti akhale bwalo lopumulirako, ndipo ena afuna kukwirira khwawa limene lipita pakati pace, naokapo maluwa ogula. Ine ndawapempha asiye khwawalo ndi mikuyu yace iwiri, ndipo ana anga afesa kale mbeu za mbawa kuseri kwa sukulu. Yankho lao sanandipatse.