Mmene cifuwa ca TB cimapezekera mu labotale

Cifuwa ca TB ndi matenda ocizika, koma mankhwala ake sayambidwa mwa kungoganizira. Adotolo amafuna umboni wakuti kacirombo kali m'thupi la wodwala, ndipo umboni umenewu umacokera mu labotale. Kacirombo koyambitsa matendawa, kochedwa Mycobacterium tuberculosis, kanapezedwa ndi katswiri wa ku Germany, Robert Koch, amene analengeza za iko mu mzinda wa Berlin pa 24 March 1882. Ici ndico cifukwa cake maiko amakumbukira tsiku la TB pa 24 March caka ciliconse.

Vuto lalikulu la kacirombo kameneka ndi lakuti kamakula pang'onopang'ono. Tizirombo tina ta m'matumbo timadzigawa pawiri pa mphindi 20 zokha, koma ka TB kamatenga maola 15 kufikira 20. Kalinso ndi khungu lokhuthala la mafuta limene sililola utoto wamba kulowa. Zinthu ziwirizi ndizo zinacititsa kuti pakhale njira zosiyanasiyana zopimira.

Kupima ndi maikulosikopu

Njira yakale koposa ndi yoyang'ana makhololo pa maikulosikopu. Wogwira nchito mu labotale amapaka makhololo pa kagalasi, nathirapo utoto wofiira ndi kuutenthetsa, kenaka natsuka ndi asidi. Tizirombo tina timatayika utoto, koma ka TB kamaugwirabe, ndipo kamaoneka ngati timitengo tofiira pakati pa zinthu zobiriwira. Njirayi imachedwa Ziehl-Neelsen, potsatira maina a akatswiri awiri a ku Germany amene anaikonza m'zaka za m'ma 1880.

Ndi njira yochipa ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Koma kuti kacirombo kaoneke, pamafunika tizirombo pafupifupi 5,000 kufikira 10,000 mu mililita imodzi ya makhololo. Ana aang'ono ndi anthu amene ali ndi kacirombo ka HIV kawirikawiri amakhala ndi tizirombo tocepa m'makhololo, motero galasi lingaoneke loyera pamene matenda alipo.

Kafukufuku wa dziko lonse amene anacitika mu Zambia mu 2013 ndi 2014 anaonetsa zimenezi poyera. Mwa anthu 100,000 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba, 638 anapezeka ndi TB yotsimikizika mu labotale, koma amene anaoneka pa maikulosikopu anali 319. Apa ndiye kuti theka la odwala likanatsala osadziwika.

Kukuza tizirombo

Njira yaciwiri ndi yokuza tizirombo, imene akatswiri amaicha culture. Makhololo amayamba atsukidwa ndi mankhwala opha tizirombo tina ta m'kamwa, kenaka amaikidwa m'kabotolo ka cakudya copangidwa ndi mazira, cochedwa Löwenstein-Jensen. Kabotoloko kamasungidwa pa kutentha kwa madigiri 37, kofanana ndi kwa thupi la munthu. Tizirombo tikamera timaoneka ngati timibulu touma totuwa. Zimenezi zimatenga masabata atatu kapena kuposerapo, ndipo labotale imadikira masabata 8 isananene kuti palibe cimene camera.

Mu 2007 bungwe la za umoyo la World Health Organization linalimbikitsa maiko osauka kugwiritsanso nchito cakudya camadzi. M'makina a MGIT, tizirombo timadziwika pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu, ndipo botolo limene silinaonetse kanthu limacotsedwa pakapita masiku 42.

Ngakhale imacedwa, njira imeneyi imapeza TB ngakhale tizirombo tili 10 kufikira 100 tokha mu mililita. Imathandizanso kudziwa mankhwala amene angaphe kacirombo ka wodwalayo. Popeza kukuza tizirombo kuli ndi ngozi kwa anchito, kumacitika m'malabotale otetezedwa bwino. M'dziko muno nchitoyi imagwiridwa m'malo monga Chest Diseases Laboratory ndi cipatala ca UTH mu Lusaka, ndiponso ku Ndola.

Poyerekeza, tizirombo ta kolera, taifodi ndi ta zilonda za mafinya timamera pa tsiku limodzi kapena awiri okha. Pa cifukwa ici wodwala TB ndiye anali kudikira nthawi yaitali kuposa onse.

Makina a GeneXpert

Mu December 2010 bungwe la World Health Organization linavomereza kupima kwa Xpert MTB/RIF. Makina a GeneXpert sadikira kuti kacirombo kakule, koma amafufuza cibadwa cake m'makhololo, ndipo zotsatira zimatuluka pa maola pafupifupi awiri. Amanenanso ngati kacirombo sikamva mankhwala a rifampicin. Uthengawu ndi wofunika, pakuti TB yosamva rifampicin ndi isoniazid, yochedwa MDR-TB, imafuna mankhwala ena. Mtundu wina wamphamvu wa kupimaku, wochedwa Ultra, unavomerezedwa mu 2017.

Kwa anthu amene ali ndi HIV ndipo adwala kwambiri, palinso njira yopima mkodzo yochedwa LAM, imene inavomerezedwa mu 2015. Imathandiza makamaka odwala amene alibe mphamvu zotulutsa makhololo.

Mbali ya wodwala

Makina onsewa amadalira cimene wodwala wapereka. Cofunika ndi makhololo ocokera pansi pa cifuwa, osati malovu. Wodwala ayenera kutsuka m'kamwa ndi madzi, kupuma mozama kangapo, ndi kukhosomolera m'kabotolo ali panja pamene pali mphepo, kutali ndi anthu ena. Kabotoloko katsekedwe bwino ndi kuperekedwa mwamsanga.

Aliyense amene wakhala akukhosomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda, apite kukapimitsa. Ngati zotsatira zoyamba sizinaonetse TB koma cifuwa cikupitirira, abwererenso ku cipatala kuti apimidwe ndi njira ina. Mankhwala a TB amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba ya m'mapapo imacira pakapita miyezi 6 ngati wodwala amwa mankhwala onse mosadumphitsa.