Mafumu Atatu ndi Mkuntho wa 1891

Pamene Harry Johnston anafika kumwera kwa Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1891 ndi ulamuliro wa Britain, anapeza dziko lili ndi eni ake. Mponda ankalamulira potulukira mtsinje wa Shire, Makanjira anali kugombe la kum'mawa ndi zombo zake, pomwe Jalasi anakhazikika pa phiri la Mangochi. Mphamvu zawo zinkachokera ku malonda a minyanga ndi akapolo, zomwe ankasinthanitsa ndi nsalu, mfuti ndi onga. Boma latsopanolo linadza kudzathetsa malondawo ndi kutenga ulamuliro, choncho mfumu iliyonse inayenera kusankha njira yake.

Kwa Mponda kunali mwambo wolandira alendo mochenjera. M'chaka cha 1875 sitima ya Ilala inaloledwa kudutsa kupita ku Cape Maclear, ndipo mu 1889 ansembe a White Fathers anapatsidwa malo. Mu 1891 linga la Fort Johnston linamangidwa kutsidya kwa mtsinje, ndipo mudzi wake utawomberedwa ndi mizinga, Mponda anavomera pangano. Anagonja pakamwa kwinaku akugwirabe zakale, mpaka anagonjeratu mu 1895.

Makanjira anadalira nyanja ndi mfuti. Mu Disembala 1891 ankhondo ake anapha Captain Cecil Maguire, yemwe anabwera kudzawononga zombo zake. Patapita zaka ziwiri likulu lake linalandidwa, ndipo kuderalo kunamangidwa Fort Maguire.

Jalasi anakhulupirira phiri. Mu 1892 anathamangitsa asilikali a boma n'kuwalanda mzinga, koma mu 1895 phirilo linagwa m'manja mwawo, iye n'kuthawira kudziko la Apwitikizi. Pamalo pake panamangidwa Fort Mangochi.

Wonyengerera, womenya nkhondo ndi wotchinjiriza, onse sanathe kuletsa kusinthaku. Midzi inatenthedwa, malonda a anthu anatha, ndipo ambiri amene anali mu ukapolo anamasulidwa. Chomwe chinatsala n'chimene sichinkadalira onga: mbumba, unyago, mzikiti ndi bwalo la milandu. Mu 1933 boma lomwelo linapatsa mafumu mphamvu zoyendetsera madera awo.

Bango likauma libwera linzake. Lero maina a Mponda, Makanjira ndi Jalasi akadali pa mipando ya ufumu, ndipo boma lomwe linkatchedwa Fort Johnston likudziwika ndi dzina la phiri la Jalasi.